Mafunso ndi mayankho: kusaka makolo athu, kuyambira pa mkeka wa agogo mpaka ku Zomba

Ine ndimagwira ntchito mu laibulale, zaka zapitapo ndithu, ndipo amene amandidziwa amanena kuti ukandipeza pa kauntala ndikudinda madeti obwezera mabuku nde kuti lili pamenepo ndi thupi lokha, mutu uli kwa anthu a mma 1920 uko. Sakunama ayi kkkk. Matenda anga ndi ofufuza za makolo. Nde poti mafunso amene anthu amandifunsa amakhala omwewomwewo, ena pa kauntala ena pa WhatsApp pakati pa usiku, ndati ndingowasonkhanitsa pano ndiyankhe kamodzi.

Inu ntchito yanu ndi ya mabuku, za makolozi zinakulowani bwanji?

Zinayamba ndi bokosi. Agogo anga, mayi awo a mayi anga, atatisiya tikusesa mnyumba mwawo tinapeza kabokosi ka malata kunsi kwa bedi, loko wake wadzimbiri moti tinachita kuswa ndi mwala. Mkatimo munali zitenje ziwiri, khadi la chipani la nthawi ya Kamuzu, buku la nyimbo lopanda chikuto, ndi kalata imodzi yokha yopindidwa kanayi, chiswe chitadya mbali yonse ya mmunsi. Kalatayo inachokera ku Wankie, ku migodi ya ku Zimbabwe, yolemba ndi pensulo, mwini wake akunena kuti ali moyo, watumiza bulangete ndi mnzake wobwera kumudzi, ndiponso kuti ana awasunge bwino. Pamene panali dzina mpamene chiswe chinayambira kudya.

Nditafunsa mayi anangoti aaa mwina ndi atsibweni aja anachona aja, ife tinkangomva. Dzina? Kaya. Ine munthu woti tsiku ndi tsiku ndimathandiza ana a sukulu kupeza mbiri ya Shaka ndi Napoleon, koma mlongo wawo wa agogo anga enieni osamudziwa olo dzina. Manyazi amene anandigwira tsiku limenelo sanandisiyebe mpaka pano.

Ndikufuna kuyamba, ndipite ku ofesi iti?

Musapite ku ofesi. Pitani kumudzi. Apa nde ndimakangana ndi anthu ambiri makamaka a mtauni ndi ali kunjawa, amaganiza kuti kuli kompyuta inayake ku Lilongwe yoti ungolemba dzina basi makolo onse atuluke mpaka kwa Kalonga. Kulibe. Mapepala a ku Archives ku Zomba akudikirani, chaka chamawa mukawapeza ali pompo, koma azakhali anu aja a zaka 85 sakudikirani, ndipo zimene zili mmutu mwawo palibe shelefu imene ili nazo.

Popita musapite chimanjamanja, tengani shuga, sopo, kamchere. Ndipo musafike ndi kope ndi cholembera mmanja ngati wa kalembera, amauma pakamwa nthawi yomweyo, ena amaganiza kuti mwabwera za malo. Khalani pa mkeka, thandizani kutong'ola chimanga, nkhani zimabwera zokha manja akamagwira ntchito. Funso loti munabadwa liti silikupindulirani kanthu. Funsani kuti mudzi uno usanabwere pano unali pati, munda wa kudambowu anayamba kuswa mphanje ndani, mutatha msinkhu anakulangizani ndani, ukwati wanu ankhoswe anali ndani. La ankhosweli ndi funso lagolide, chifukwa nkhoswe sakhala munthu wapadera, akatchula dzina limenelo mwapeza kale nthambi ina ya banja.

China, akuluakulu satchula dzina la munthu wamkulu kapena womwalira mwachisawawa. Azingoti malemu aja, aPhiri aja, make uje. Musawakakamize tsiku loyamba. Kuona maso a nkhono nkudekha, ulendo wachitatu adzatchula okha.

Nanga kumanda, ndingapite kukawerenga ziliza?

Mungathe koma osangolowa ngati mukulowa mmunda mwanu. Pitani kwa amfumu kaye, makamaka kumadera a Achewa kumene manda ndi malo a gule, mukhoza kuziputa zoti simuzimaliza. Amfumu akupatsani munthu. Ndipo pemphani kuti mucheze ndi adzukulu akuluakulu, okumba manda aja, iwowa amadziwa kuti apa pagona uje pambali pa mayi ake, olo palibe chiliza olo mtanda. Mmene anthu anagonera kumandako ndi mapu a chibale paokha. Koma madeti a pa chiliza musawakhulupirire kwambiri, ziliza zambiri zimamangidwa patapita zaka, chaka chobadwa amangogwirizana pamsonkhano wa banja kuti tiyeni tilembe 1920 basi.

Agogo sadziwa chaka chimene anabadwa, nditani?

Sakuyenera kudziwa. Lamulo la atsamunda la 1904 linkakakamiza azungu ndi amwenye okha kulembetsa ana obadwa, ife eni dziko ayi. Zoti mwana aliyense alembedwe zabwera ndi lamulo la 2010 limene linayamba kugwira ntchito 2015, ndipo ziphaso za unzika za NRB zija tinajambulitsa 2017. Pa nthawi imeneyo agogo ambiri anangopatsidwa chaka chongoyerekeza, nchifukwa chake mukuona nkhalamba zambirimbiri zobadwa pa 1 January.

Nde timawerengera ndi zochitika. Funsani kuti njala ya 1949 inakupezani muli bwanji, muli kumbuyo, mukuyenda, kapena mutatha msinkhu? Akati ndinali nditangoyamba kutunga madzi ndi kachidebe nde kuti anali ndi zaka mwina 6 kapena 7, mwapeza kale. A ku Zomba amakumbukira Napolo wa 1946. Palinso nkhondo ya Chilembwe 1915, chimfine chija chinapha anthu nkhondo yoyamba itangotha mu 1918, dzombe la mma 1930, nkhondo ya Hitler 1939 mpaka 1945, chitaganya kuyambira 1953, kubwera kwa Kamuzu pa 6 July 1958, kumangidwa kwa anthu mu March 1959, ufulu 1964, kusintha ndalama kuchoka ku mapaundi ndi masheleni kupita ku kwacha 1971. Ine ndili ndi kapepala kamene ndinalemba zonsezi ndipo kamakhala mchikwama nthawi zonse. Maina enieniwo nawonso amaulula, munthu akakhala Njala kapena Nkhondo kapena Maliro funsani kuti chinachitika nchani pamene ankabadwa.

Ndine Phiri, nde kuti aPhiri onse ndi abale anga?

Mukatero abale anu adzadza sitediyamu kangapo, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chipata ndi ku Tete. Phiri, Banda, Mwale, Mbewe, Nkhoma, amenewa ndi mfunda, si dzina la banja limodzi. Mfunda umakuuzani za fuko lalikulu, ndipo unkathandiza kuti anthu adziwane ndi kupatsana ulemu, Naphiri, Nabanda, Nambewe. Koma pofufuza agogo anu enieni mfunda pawokha sukufikitsani patali.

Zoti banja lonse likhale ndi dzina limodzi lomaliza lomangopatsirana zabwera ndi sukulu, tchalitchi ndi msonkho. Mwana akapita kukalembetsa sukulu aphunzitsi amafunsa kuti bambo ako ndani, dzina loyamba la bambo lija nkusanduka lomaliza. Wina amene analeredwa kwa amalume analembetsa dzina la amalume. Wina anabwereza sitandade 8 pa dzina la msuweni wake kuti apeze mwayi wa sekondale ndipo dzinalo analowa nalo ntchito mpaka kupuma, ana ake onse akudziwika nalo lero, izi zilipo zambiri musandiuze kuti simunamvepo. Nde ana a mimba imodzi atha kukhala ndi maina omaliza atatu osiyana. Chimene sichisintha msanga ndi mudzi, nyakwawa, gulupu ndi T/A. Pa munthu aliyense amene mukulemba, lembani zinayi zimenezi pambali pa dzina lake.

Nditsate kuchimuna kapena kuchikazi?

Konse, koma dziwani kumene nkhani zimasungidwa kwanuko. Mafomu ambiri a mtengo wa banja opezeka pa intaneti anapangidwa ndi anthu otsata dzina la bambo, ukawagwiritsa ntchito kwa Achewa, Amang'anja, Ayao kapena Alhomwe umangozunguzika. Kwathu kuno mudzi ndi wa amayi. Mwamuna amabwera chikamwini, ukwati ukatha kapena mkazi akamwalira amanyamula kampando kake nkubwerera kwawo, ana amatsala ndi mbumba. Wodziwa mbiri ndi mwinimbumba ndi azimayi akuluakulu a bele limenelo. Nchifukwa chake mzere wa amayi umatha kufika mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi osapuma, pamene wa bambo umathera pa agogo, amangoti anali mkamwini wochokera cha ku Dowa uko. Kupatula pamene panali chitengwa. Kwa Angoni a ku Mzimba, Atumbuka ambiri, Angonde ndi Asena kumene kuli malowolo nkhani imatembenuka, kumeneko tsatani bambo ndi ng'ombe, anthu amakumbukira bwino kuti ng'ombe za uje zinachokera khola liti.

Chenjeraninso ndi dzina la ufumu. Amene walowa ufumu amatenga dzina lomwelo, nde akamati mfumu uje anasamutsa mudzi nthawi ya nkhondo za Angoni, komanso mfumu uje yemweyo anakana malimidwe nthawi ya chitaganya, si munthu mmodzi wa zaka 130 ayi, ndi anthu atatu kapena anayi. Ine chinandipusitsa chaka chathunthu chimenechi.

Chabwino kumudzi ndapita. Ku Archives ku Zomba ndikapezako chani?

Tsopano apa nde mwafika kwathu. National Archives of Malawi ili ku Zomba, inayamba 1947 ngati nthambi ya Central African Archives. Ndikuuzirenitu kuti mu 1919 maofesi a boma ku Zomba anapsa ndipo mafayilo ambiri akale anathera pamotopo, nde za kumbuyo kwa chaka chimenecho nzoperewera.

Musayembekeze kukapeza fayilo yolembedwa dzina la agogo anu pamwamba. Boma la atsamunda linkalemba munthu wakuda pamene lili naye chochita, msonkho, mlandu, ntchito, ufumu, malo. Nde mumasaka mozungulira. Pali mabuku aja ma DC ankalembamo za boma lawo, amati District Notebook, mmenemo muli mbiri za mafumu, mizere ya olowa ufumu, midzi ndi mmene inasamukira. Pali malipoti a pachaka a maboma, mafayilo a mikangano ya ufumu, za makhoti, za ma esiteti, komanso mapepala ena a mishoni za Blantyre ndi Livingstonia. Manyuzipepala akale aliponso. Ngati agogo anu anali mphunzitsi, kalaliki, mesenjala wa kwa DC, wapolisi, kapitawo kapena mfumu mwayi ulipo ndithu. Ngati anali mlimi chabe wosapalamula, mwina mupeza mudzi wake wokha, komabe kuwerenga kuti mchaka chakuti mudzi wanu unali ndi nyumba zingati ndipo unasamuka chifukwa chani, thupi limachita tsembwe.

Imbani foni musananyamuke mumve za fomu ndi ndalama yolipira, tengani chiphaso, ndipo konzekani masiku angapo osati tsiku limodzi. Ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, ili ndi mabuku, mapu ndi zithunzi zakale. Ku yunivesite ku Zomba komweko kulinso gawo la mabuku a za Malawi okhaokha.

Ndasaka dzina la kwathu mmafayilo silikupezeka, ndalakwitsa pati?

Mukusaka ndi kalembedwe ka lero. Mangochi anali Fort Johnston, Nsanje Port Herald, Mchinji Fort Manning, Chitipa Fort Hill. Thyolo ankalemba Cholo, Mulanje Mlanje, Ntcheu Ncheu, Nkhotakota Kota Kota. Kunjaku Chipata anali Fort Jameson, Kabwe Broken Hill, Harare Salisbury, Hwange ndi Wankie uja wa kalata yanga. Malire a maboma nawo akhala akusintha, Balaka, Phalombe, Neno ndi a posachedwa, mafayilo awo akale ali pansi pa maboma amene anadulidwako. Maina a anthu nde musanene, mzungu ankalemba mmene khutu lake lamvera, l ndi r amasinthanitsa, h amataya. Liwerengeni mokweza dzinalo, khutu lanu likuuzani zimene maso akukana.

Zoti matchalitchi ali ndi mabuku abwino kuposa boma nzoona?

Kwa munthu wamba, eya nzoona. Mishoni ndi zimene zinayamba kulemba maina athu mmodzimmodzi. Livingstonia inafika 1875 ku Cape Maclear kenako Bandawe, Blantyre 1876, a Dutch anayamba ku Mvera 1889 nkudzafika ku Nkhoma 1896, a Anglican pa Likoma 1885, Akatolika ku Nzama 1901 ndi ku Mua 1902, PIM ya John Chilembwe ku Chiradzulu 1900. Dziwani kaye kuti kwanu kunali mishoni iti, ndipo pitani ku siteshoni yaikulu yakaleyo osati tchalitchi cha pafupi chomangidwa dzana, mabuku akale amakhala kumene abusa kapena ansembe ankakhala nthawi imeneyo.

Kaundula wa ubatizo wa Akatolika ndimamukonda chifukwa amalemba bambo, mayi, mudzi ndi amene anamuimira pa ubatizo, kungoti maina amatha kukhala mchilatini, Petulo ali Petrus, Yohane ali Joannes. Ku CCAP kuli mabuku a ubatizo, a maukwati, makalata a msamuko, komanso maminitsi a seshoni. Maminitsiwa abale inu, mmenemo nde muli moyo weniweni, uje wadulidwa chifukwa chofulula mowa, uje watenga mitala, uje anapezeka ku gule. Ine agogo ena a kuchimuna ndinawapeza mmenemo katatu konse, katatu konsenso nkhani yake ya mowa. Ndinaseka ndekha muvesitile mpaka mkulu wa mpingo anabwera kudzasuzumira.

Lankhulani bwino ndi abusa kapena bambo mfumu, si udindo wawo kukutsegulirani kabati, ndipo mabuku ena ndi ofumbwa moti tsamba limatsala mmanja. Jambulani ndi foni, osapinda, osanyowetsa chala ndi malovu potsegula. Kwa abale athu Achisilamu njira yachidule ndi mashehe akuluakulu ndi anthu amene amasonkhana pa sadaka, amadziwa kuti uje anaphunzira kwa shehe uti ndipo anachokera mudzi uti.

Amene muli kunja, mapepala ambiri a mishoni za Chisikotishi ali ku Edinburgh, a Dutch ku Stellenbosch ku South Africa, a ansembe Achikatolika a White Fathers ku Rome. Koma ambiri mwa amenewo amakamba za amishoniwo, ife timangotulukira mmbali.

Agogo anapita ku Joni kapena ku Halale osabwerako. Pali chiyembekezo?

Funso ili nde limabwera kuposa onse, pafupifupi banja lililonse lili ndi mtchona wake. Choyamba dziwani kuti anapita bwanji. Ngati anapita pa Wenela, bungwe lija lolemba anthu ntchito za mmigodi ya ku Joni, nde kuti analembedwa, anali ndi nambala, ndipo mmapepala ankalemba mudzi, mfumu ndi boma lochokera. Wenela inaima kulemba anthu kuno mu 1974 ndege yake itagwa ku Francistown nkupha anthu opitirira 70, ambiri Amalawi obwerera kumudzi, kenako inadzayambanso pa dzina la TEBA mpaka cha mma 1988. Mapepala akale a TEBA akusungidwa ku University of Johannesburg. Nde sakani mnyumba kachitupa kalikonse kokhala ndi nambala, nambala imeneyo ndi yofunika kuposa dzina. Opita ku mafamu a ku Rhodesia ambiri ankatengedwa ndi bungwe lina lolemba anthu ntchito lotchedwa Mthandizi. Koma amene anapita selefu, wapansi kudutsa ku Tete, ameneyo ndi wovuta chifukwa ambiri ankasintha dzina panjira, ena kugula chitupa cha munthu wina, ena kupatsidwa dzina ndi bwana pa ntchito, Foloko, Supuni, Sikisi.

Komabe Amalawi kunjako sankabalalika, ankakhala pamodzi. Ku Zimbabwe kuli sinodi yathunthu ya CCAP ya Harare imene inayamba ndi anthu a kwathu konkuno, kuli mizikiti ya Ayao, magulu othandizana pa maliro, ngakhale gule wamkulu amavinidwa mmigodi ndi mmafamu mpaka lero. Zidzukulu za machona ku Mbare, Mufakose, Bulawayo, Hwange, Kitwe, Luanshya nazonso zikusaka kwawo, zambiri zimangodziwa mawu awiri okha, dzina la boma ndi la mfumu. Nde polemba mmagulu a pa Facebook musangoti ndikusaka agogo anga aBanda, lembani mudzi, T/A ndi zaka zimene anachoka.

Nanga amene anali asilikali?

A KAR (King's African Rifles) ndi osavutirapo pang'ono chifukwa anali ndi nambala. Ku Zomba kuli chipilala cha asilikali a King's African Rifles chokhala ndi maina a amene anafa pa nkhondo yoyamba, ndipo pa webusaiti ya Commonwealth War Graves Commission mutha kusaka dzina ulere. Mendulo ikapezeka mnyumba yang'anani mmphepete ndi kumbuyo, zina zimakhala ndi nambala ndi dzina. Agogo akamakamba za Burma kapena Abisiniya imeneyo ndi nkhondo yachiwiri. Chowawa ndi cha amtengatenga a nkhondo ya 1914 mpaka 1918, anthu miyandamiyanda anagwidwa kukasenza katundu, ambiri anafera mnjira ndi njala ndi matenda, ndipo maina awo ambiri sanalembedwe pena paliponse.

Kwathu amati tinachokera ku Mozambique, ena amati ndife Angoni a ku South Africa. Ndingatsimikize bwanji?

Alhomwe ambiri analowa kuno kuyambira kumapeto kwa zaka za mma 1890 kupita mtsogolo, kuthawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala, nkudzakhala mma esiteti a ku Mulanje, Thyolo, Chiradzulu ndi Zomba pansi pa thangata. Funsani agogo kuti ndinu Amihavani, Amanyawa, Akokhola kapena Atakhwani, ndiponso phiri kapena mtsinje umene ankautchula, zimenezo zikulozerani dera. Mmafayilo akale simupeza mawu oti Lomwe kawirikawiri, atsamunda ankalemba Anguru, dzina limene eni ake ankadana nalo mpaka Lewis Bandawe ndi anzake analimbana kuti lisiyidwe mma 1940. Loipa koma posaka lembani lomwelo.

Za Angoni, a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu November 1835 tsiku limene kadamsana anachitika, a Maseko a kwa Gomani anadzera njira yawo. Koma ndinene mosabisa olo ena akwiye, Angoni ankatola anthu njira yonse, Atonga a kumwera, Akaranga, Ansenga, Achewa, Atumbuka, nde kukhala Mngoni sikutanthauza kuti magazi anu onse anachokera kwa Zulu. Chiwongo chanu ndicho chingakuuzeni kuti makolo anu analowa mgululo pati. Ku Umhlangano ku Ntcheu, ku Mulhako kwa Chonde kapena ku Kulamba ku Mkaika ku Katete musamangopita kukajambula magule, kumakhala nkhalamba zodziwa zinthu zitangokhala pansi pa mtengo popanda wozifunsa.

Bwanji ndingoyezetsa DNA nkuthana nazo?

Ngati ndalama zilipo yezetsani, koma musayembekeze dzina la mudzi. Zotsatira zidzakuuzani kuti ndinu wa kummwera kapena kummawa kwa Africa, zimene mukudziwa kale. Makampani ngati AncestryDNA amakufananizani ndi anthu amene anayezetsa kale, ndipo a kwathu kuno amene anayezetsa ndi ochepa. Pamene imathandiza ndi pamene pali mzungu, mmwenye kapena Mwarabu mbanjamo, kapena ngati mbale wa mtchona uja ku UK kapena ku Joni anayezetsanso. Dziwaninso kuti imatha kuulula zoti bambo si bambo. Pa intaneti yesani FamilySearch, ndi yaulere ndipo mutha kusungapo mtengo wa banja lanu, kungoti za kuno zilipo zochepa poyerekeza ndi za South Africa.

Ndikapeza zochititsa manyazi nditani?

Walira mvula walira matope. Muzipeza basi. Mupeza kuti agogo ena anabwera pamudzipo ngati kapolo kapena chikole cha mlandu, ukapolo unatha mma 1890 momwemu, si kale kwenikweni, ndipo mmidzi ina amadziwabe kuti bele ili ndi la eni mudzi, ili ndi la obwera. Mupeza wina anathamangitsidwa pa nkhani ya ufiti, wina anamwa mwavi, wina anapereka anzake kwa achipani nthawi ya Kamuzu, wina ana ake ndi a mlamu wake. Ine lamulo langa ndi loti ndimalemba zonse mkope langa, ndi dzina la amene wandiuza ndi tsiku lake, koma sindiponya pa gulu la banja la WhatsApp nkhani yokhudza munthu amene ali moyo kapena ana ake. Gogo akakuuzani kuti izi ndakuuza iwe wekha, zikhale choncho.

Ndipo amene mumabwera kuti ndikupezereni umboni woti ufumu ndi wa bele lanu kapena munda ndi wanu, ndikuonetsani pamene pali mafayilo koma ku bwalo sindikupitirani. Zimene analemba DC nzimene anauzidwa ndi amene anafika kwa iye poyamba, nthawi zina kudzera mwa womasulira amene analinso ndi mbali yake.

Zimene ndapeza ndizisunge bwanji?

Apa ndiyankhe ndi chilonda changa. Ndinajambula mawu a azakhali anga maola atatu pa foni, anayimba ndi nyimbo za pamtondo zomwe, akutchula maina a akazi okhaokha mibadwo isanu. Ndinati ndikopera mu kompyuta weekend. Lachisanu lake foni inapita mu minibasi, ndinangozindikira ndatsika thumba lili pululu. Ndisanabwererenso kumudzi azakhali anadwala sitiroko, pakamwa panapotoka, sanayankhulenso mpaka kutisiya. Zimene ndinatsala nazo ndi maina anayi amene ndinalemba kuseri kwa risiti.

Nde tsiku lomwelo mwajambula, tumizani kwa abale awiri, ikani pa imelo kapena Google Drive, ndipo lembaninso pamanja mkope lachikuto cholimba. Mapepala akale musawamate ndi selotepi, musawapange laminesheni, ajambuleni kenako muwaike mu envelopu pamalo pouma potalikira khoma chifukwa cha chiswe. Zithunzi lembani kumbuyo ndi pensulo kuti uyu ndani, pomwe wodziwa akadalipo. Mapulogalamu a maliro ndi mbiri ya malemu ija imawerengedwa pa mwambo musataye, komanso tsamba loyamba la Baibulo la agogo, makhadi a sikelo, makhadi a ubatizo, malisiti a msonkho. Anthu a ku Phalombe, Mulanje ndi Chilobwe amene anakumana ndi namondwe wa Freddy mu 2023 angakuuzeni kuti pepala losungidwa malo amodzi limapita usiku umodzi.

Mungandifufuzire inuyo ndikulipirani?

Ayi. Mukabwera ku laibulale ndikuthandizani kupeza mabuku ndi mapu, ndikuonetsani kalembedwe kake, ulere. Koma azakhali anu sangandiuze ine mlendo zimene angakuuzeni inu mwana wawo. Ndalamayo gulani shuga ndi thiransipoti.

Nanga wa kalata ya ku Wankie uja munampeza?

Dzina ndinalipeza, patatha zaka zinayi. Ndinkasaka kwathu kokhakokha, osaganiza kuti munthuyo anali mkamwini kwina, ana amene ankanena mkalatamo anali mbumba yake, ana a mlongo wake, koma ake omubala anatsala kumudzi kwa mkazi wake tsidya la mtsinje, makilomita osakwana khumi kuchokera pamene tinapeza bokosi lija. Anandilozera ndi mdzukulu wina wokalamba pa maliro, tikudya nsima kuseri kwa nyumba. Nditapita ndinapeza gogo wamkazi wosaona bwino, mwana wake womaliza, bambo akewo sanawaonepo anachoka iye ali mmimba. Nditatchula za bulangete anakhala chete kenako anati linali lotuwa la mizere yofiira, ankafunda anthu anayi, ndipo mabulangetewo anafika awiri, lina kwa mlongo lina kwa mkazi. Anandiuza dzina la kumudzi, ndi lina limene ankadziwika nalo ku mgodi, losiyaniranatu.

Manda ake sindinawapezebe. Pali mayi wina wa mpingo ku Hwange amene akundiyang'anira mmabuku a kumeneko pa dzina la ku mgodilo. Kalata ija ndinakawawerengera gogowo kawiri, anaigwira nkuinunkhiza, kenako anandifunsa ngati ndabweretsa fodya wa mphuno. Ndinali nditaiwala, nde ulendo wa December uno ali pamwamba pa mndandanda, pamodzi ndi batire ya wailesi.